ŴERENGERANI ZA PA CHIPATA LOLE ISANANYAMUKE

Alimi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa ndi Dwambazi, nyengo yokolola ikafika ntchito yanu imaoneka ndi maso. Mpunga wapunthidwa, wauma bwino ndipo wathiridwa m'matumba. Kumtunda nako fodya wasankhidwa ndi kudindidwa m'mabelo. Chatsala nchimodzi, ndicho kufikitsa mbeuzo kumene kuli mtengo wabwino. Apa mpamene alimi ambiri, ngakhale odziŵa bwino ntchito ya kumunda, amataya gawo la phindu lawo chifukwa chonyamuka ulendo asanauŵerengere.

Zimachitika motere. Kalabu yagwirizana ndi mwini lole mtengo wonyamulira mpunga kupita ku Blantyre. Matumba akwezedwa, zingwe zamangidwa, ndipo mlembi wa kalabu wakhala kutsogolo pamodzi ndi dalaivala. Atayenda theka la tsiku afika pamalo pamene mseu watsekedwa ndi chitsulo, ndipo dalaivala atembenuka nkunena kuti, "Bambo, za pa geti nzanu, sizinali pa mtengo uja." Mlembi alibe pothaŵira. Apereka za m'thumba mwake, pobwera aperekanso. Kufika kumudzi mamembala akana kumubwezera chifukwa nkhaniyi sanaimve pa msonkhano, ndipo lisiti nalo anaiŵala kutenga. Ndalama zake sizochuluka kwenikweni, koma mkangano wotere watha kupasula kalabu imene inali kuyenda bwino.

Ndalama za pa chipata si za mwadzidzidzi ngati kuphulika kwa tayala. Zimadziŵika ulendo usanayambe, ndipo aliyense wodziŵa kuchulukitsa ndi kugaŵa angathe kuziŵerengera ali khale pakhonde.

ZIPATAZI ZINAYAMBA LITI

Zipata zolipiritsa magalimoto, zimene ambiri amangoti ma toll gate, zinayamba muno m'Malaŵi m'chaka cha 2021. Choyamba chinatsegulidwa mu Novembala chaka chimenecho pa Chingeni, m'malire a Ntcheu ndi Balaka. Chachiŵiri chinatsegulidwa mu Januwale 2022 pa Kalinyeke m'boma la Dedza. Zonse ziŵiri zili pa mseu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Amene amatolera ndalamazi ndi bungwe la Roads Fund Administration, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 kuti lizisunga thumba la ndalama zokonzera miseu. Bungwe lina, la Roads Authority, ndilo limayang'anira ntchito yomanga ndi kukonza miseuyo.

Kulipirira mseu sikunayambe ndi zipatazi ayi. Pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo imene mugula pali kagawo kopita ku thumba lomwelo la miseu. Kusiyana kwake nkwakuti ndalama ya m'mafuta simuiona, pamene ya pa chipata mumaitulutsa ndi dzanja lanu.

Pamene chipata cha Chingeni chinatsegulidwa mu 2021, galimoto yaing'ono inkalipira K1,700, minibasi K3,400, lole zikuluzikulu K8,000, ndipo katundu wamkulu mopyola muyeso K20,000. Anthu atadandaula, mu Januwale 2022 boma linatsitsa mitengo, ndipo galimoto yaing'ono inayamba kulipira K1,000, minibasi K2,000. Mitengo imeneyi ndi ya zaka zimenezo. Kuchokera nthaŵi imeneyo ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu zambiri yasintha. Chotero musadalire mtengo umene munamva chaka chatha. Mtengo woona ndi umene walembedwa pa chikwangwani cha pa chipata ndiponso pa lisiti ya munthu amene wadutsapo sabata yomwe ino.

NJIRA ZOCHOKERA KU NKHOTAKOTA

Chinthu choyamba kudziŵa nchakuti si ulendo uliwonse umene umadutsa pa zipata ziŵirizi. Tiyeni titsate njira zimene inu mumayenda kaŵirikaŵiri.

Wopita ku Lilongwe amatsika ndi mseu wa M5 kudutsa pa Chia ndi Benga mpaka ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, nkukhotera mseu wa M14 wokwera ku Lilongwe. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 200. Kalinyeke ndi Chingeni zili kummwera kwa Lilongwe, choncho wopita ku Kanengo kapena ku msika wa mumzinda sazifika.

Wopita ku Kasungu kapena ku okushoni ya Chinkhoma amadzera mseu wa M18 wodutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota ndi pa Malomo. Nayenso sakumana ndi zipata ziŵirizi. Chimodzimodzi wopita ku Mzuzu kudzera ku Dwangwa ndi Nkhata Bay, ndiponso wopita ku Mangochi amene amasiya M5 cha ku Golomoti.

Wopita ku Blantyre ndi Limbe ali ndi njira ziŵiri zazikulu. Yoyamba ndiyo kutsata M5 mpaka kumapeto kwake, kudutsa Salima, Chipoka, Mtakataka ndi Golomoti, nkukaloŵa M1 pa Balaka Market. Ameneyu adzalipira pa Chingeni pokha, ndipo ulendo wake ndi makilomita pafupifupi 390. Yachiŵiri ndiyo kukwera ku Lilongwe kaye nkutsika ndi M1 kudzera ku Dedza ndi Ntcheu. Ameneyu adzalipira pa Kalinyeke ndi pa Chingeni pomwe, ndipo ulendo wake ndi makilomita pafupifupi 510.

Boma linalengeza kuti lidzamanga zipata zina, ndipo umodzi wa miseu imene inatchulidwa ndi wa Salima kupita ku Lilongwe, umene uli mseu wanu wa masiku onse. Tsono chaka chilichonse, musanayambe kutumiza mbeu, funsani madalaivala a mabasi ndi a lole amene amayenda njirayo kuti pali zipata zingati zimene zikulipiritsa. Musangofunsa mwini lole amene mukufuna kumuhayala. Funsani anthu aŵiri kapena atatu amene alibe gawo pa malonda anu.

ZINTHU ZINAYI ZOFUNIKA POŴERENGERA

Mukadziŵa njira yanu, lembani zinthu zinayi izi m'buku la kalabu kapena lanu.

1. Chiŵerengero cha zipata za pa njirayo.

2. Gulu la galimoto. Pa chipata salipiritsa poyang'ana mbeu imene mwanyamula kapena mtengo wake. Amayang'ana kukula kwa galimoto: mabasi amaŵaika m'magulu potsata mipando, lole potsata matani. Lole ya matani 3 ndi ya matani 15 sizilipira mofanana. Funsani mwini lole gulu la galimoto yake, ndipo akuonetseni lisiti ya ulendo wapitawo.

3. Kupita ndi kubwera. Galimoto imalipira nthaŵi iliyonse imene yadutsa. Lole yobwerera yopanda kanthu imalipira chimodzimodzi ndi yodzaza, chifukwa gulu lake silinasinthe. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: amaŵerengera popita pokha.

4. Chiŵerengero cha maulendo. Ngati mbeu zanu sizikwana ulendo umodzi, ndalama za pa chipata zidzachuluka monga mwa maulendowo.

Kaŵerengedwe kake nkosavuta. Tengani mtengo wa gulu la galimotoyo, chulukitsani ndi chiŵerengero cha zipata, chulukitsaninso kaŵiri chifukwa cha kupita ndi kubwera, kenaka chulukitsani ndi maulendo. Chimene mwapeza chigaŵeni ndi chiŵerengero cha matumba kapena mabelo. Mukatero mudziŵa ndalama imene chipata chikudya pa thumba lililonse, ndipo nambala imeneyi ndiyo yofunika kwa mlimi.

CHITSANZO CHA KALABU YA MPUNGA

Manambala a ndalama amene ali m'chitsanzo ichi ndi ongoyerekeza kuti muone kaŵerengedwe. Inu muikepo mitengo ya tsiku limene mukunyamuka.

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi 20 a cha ku Bua yasonkhanitsa matumba 140 a mpunga, lililonse lolemera makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi matani 7, okwana lole imodzi. Tiyerekezenso kuti loleyo imayenda makilomita 5 pa lita imodzi ya dizilo, kuti lita ikugulidwa K5,000, ndipo kuti lole ya gulu limeneli imalipira K10,000 pa chipata chilichonse.

Njira ya M5 kupita ku Blantyre: kupita ndi kubwera ndi makilomita 780. Mafuta ake ndi malita 156, ndiye kuti K780,000. Pa Chingeni alipira kaŵiri, K20,000. Zonse pamodzi K800,000. Pogaŵa ndi matumba 140, thumba lililonse lasenza K5,714, ndipo mwa ndalama imeneyi ya chipata ndi K143 yokha.

Njira yodzera ku Lilongwe kupita ku Blantyre: kupita ndi kubwera ndi makilomita 1,020. Mafuta ake ndi malita 204, ndiye kuti K1,020,000. Pa zipata alipira kanayi, K40,000. Zonse pamodzi K1,060,000. Thumba lililonse lasenza K7,571.

Kukagulitsa ku Lilongwe komweko: kupita ndi kubwera ndi makilomita 400. Mafuta ake ndi malita 80, ndiye kuti K400,000. Ngati pa njirayo palibe chipata cholipiritsa, thumba lililonse lasenza K2,857.

Taonani zimene manambalaŵa akutiphunzitsa. Choyamba, njira yodzera ku Lilongwe yaposa ya M5 ndi K260,000, koma pa ndalama imeneyi ya chipata ndi K20,000 yokha. Yotsalayo ndi ya mafuta. Chimene chimadya ndalama kwambiri ndi kutalika kwa njira, ndipo chipata chimangoonjezera pamwamba.

Chachiŵiri, kutengera mpunga ku Blantyre m'malo mwa Lilongwe kwaonjezera K2,857 pa thumba, ndiye kuti K57 pa kilogalamu. Chotero ngati wogula wa ku Blantyre sakuposa wa ku Lilongwe ndi ndalama yopitirira K57 pa kilogalamu, ulendo wautaliwo ulibe phindu. Ndipo kumbukirani kuti pano taŵerengera mafuta ndi chipata zokha. Sitinaikepo malipiro a dalaivala, phindu la mwini lole, anyamata okweza ndi otsitsa matumba, chiphaso cha msika, chakudya ndi malo ogona a woperekeza katundu. Zonsezi ziyenera kukhala ndi mzere wake m'buku. Mukaziika zonse, muyerekezenso ndi mtengo umene mungapeze pa msika wa pafupi popanda kuhayala galimoto. Nthaŵi zina mtengo wa kutali umakoma m'khutu, koma ukachotsa za pa njira umafanana ndi wa pakhomo. Nchifukwa chake akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chachitatu, lole yosadzaza ndi mdani wa mlimi. Lole yomweyo itanyamula matumba 70 okha, chipata chidzalipiritsabe K10,000 ndipo mafuta sadzatsika kwenikweni. Thumba lililonse lidzasenza pafupifupi kaŵiri. Mlimi woyenda yekha ndi matumba ochepa ndiye amamva kuŵaŵa kwa chipata. Amene asonkhanitsa mbeu zawo nkudzaza lole imodzi sachimva nkomwe.

KODI KUZEMBA CHIPATA KUMAPULUMUTSA NDALAMA?

Madalaivala ena adzakuuzani kuti akudziŵa njira yolambalala chipata. Musanavomere, ŵerengani. M'chitsanzo chathu K10,000 ya pa chipata ikufanana ndi malita 2 a dizilo, ndipo malita 2 amayendetsa lole makilomita 10 okha. Ndiye kuti njira iliyonse yolambalala imene italikitsa ulendo kupyola makilomita 10 yakudyerani kale ndalama yoposa imene mumafuna kupulumutsa.

Mwachitsanzo, munthu angathe kufika ku Blantyre osadutsa pa Chingeni ngati akhota pa Golomoti nkudzera ku Mangochi, Liwonde ndi Zomba. Imeneyi ndi miseu ya boma ndipo palibe cholakwa kuyendamo. Koma njirayi italikitsa ulendo ndi makilomita pafupifupi 100, amene m'chitsanzo chathu ndi malita 20, kapena K100,000. Kutaya K100,000 pofuna kusunga K10,000 si nzeru. Njira imeneyi iyendeni pokhapokha ngati muli ndi wogula kapena katundu wokatenga ku Mangochi kapena ku Zomba.

Tinjira ta m'midzi tozungulira chipata ndito toopsa koposa. Sitinakonzedwere lole yolemera matani 7. Sipuling'i ikathyoka kapena lole ikatitimira m'matope, mpunga wanu udzagona kuthengo, udzanyoŵa kapena kubedwa, ndipo mwini lole adzati munamutuma ndinu. Ndiponso kuzemba chipata mwadala ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimaposa ndalama ya pa chipatayo.

PANGANO NDI MWINI LOLE

Eni magalimoto ambiri ndi anthu achilungamo amene nawonso akufuna kupeza phindu pa ntchito yawo. Mikangano imabuka chifukwa cha pangano la pakamwa, limene aliyense amalikumbukira mwa njira yake. Musanakweze thumba ndi limodzi lomwe, khalani pansi ndi mwini lole pamaso pa wapampando, mlembi ndi msungichuma wa kalabu, ndipo lembani izi:

(a) Njira imene lole idzadzere, potchula malo monga Salima, Golomoti, Chingeni ndi Zalewa. Mwini lole akafuna kudzera ku Lilongwe chifukwa ali ndi zake zokachita kumeneko, mafuta ndi zipata zoonjezerazo zikhale zake.

(b) Kaya mtengo wa hayala waphatikiza za pa chipata kapena ayi. Mawu akuti "zonse zili momwemo" alembedwe, asangonenedwa.

(c) Wolipira pobwerera. Ngati lole ibwera yopanda kanthu, nkoyenera kuti mtengo wa ulendo wobwerera ukhale pa inu. Koma ngati mwini lole wapeza katundu wa munthu wina, monga simenti, malata kapena feteleza, wa pa chipata pobwera alipire mwini katunduyo. Chipata chimodzi chisalipiridwe ndi anthu aŵiri. Inunso mungathe kuchepetsa mtengo mwa kukonzeratu kuti lole ibwere ndi zipangizo za kalabu za chaka chamaŵa.

(d) Malisiti. Pa chipata chilichonse amapereka lisiti yoonetsa tsiku ndi ndalama imene yalipidwa. Woperekeza katundu aitenge ndi kuisunga, ndipo pa msonkhano wotsatira aiŵerenge pamaso pa onse. Ndalama yopanda lisiti isaloŵe m'buku.

Msungichuma apatule ndalama za pa chipata nkuziika mu envelopu yakeyake, yolembedwa kunja kuti popita zakuti, pobwera zakuti. Musadalire kuti za pobwera mudzatapa pa ndalama za malonda, chifukwa wogula angathe kukuuzani kuti alipira maŵa kapena kudzera ku banki.

Kwa inu amene mumayenda pa basi kapena minibasi ndi matumba aŵiri atatu, dziŵani kuti wolipira pa chipata ndi mwini galimoto, ndipo ndalamayo ili kale m'kati mwa mtengo umene mwalipira pokwera. Kondakitala asakusonkhetseni ina mukafika pa chipata. Pa mtengo wa mu 2022, minibasi ya anthu 16 yolipira K2,000 inali kudya K125 yokha pa munthu mmodzi.

ALIMI A FODYA NDI INU A PA ESITETI

Alimi olembetsa a fodya, inu kaŵirikaŵiri simulipira wonyamula mabelo pamanja. Ndalama ya mayendedwe imachotsedwa fodya akagulidwa, ndipo mumangoiona pa pepala la malonda limene ambiri amati selashiti. Pepala limeneli musamangoyang'ana pansi pamene pali ndalama yotsala. Ŵerengani mzere uliwonse. Fodya wochokera ku Nkhotakota kupita ku Chinkhoma, ku Kanengo kapena ku Mzuzu sadutsa pa Chingeni kapena pa Kalinyeke. Tsono wina akakuuzani kuti mtengo wonyamulira belo wakwera chifukwa cha zipata, mufunseni mwaulemu kuti ndi chipata chiti, ndipo akuonetseni lisiti. Ngati chipatacho chilipodi, gaŵani ndalamayo ndi mabelo onse amene anali pa lole, kuphatikizapo a alimi ena, osati anu okha. Mudzapeza kuti pa belo limodzi ndi ndalama yochepa.

Inu olima pa esiteti, amene anthu akadakutchulanibe kuti matenanti, dziŵani kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa mchitidwe wa utenanti. Kulikonse kumene kukadali buku lolembamo zochotsera pa dzina lanu, nkoyenera kuti muliwone ndi kulimvetsa. Mukapeza mzere wakuti mayendedwe kapena za pa geti, funsani kapitawo kapena kalaliki kuti ulendowo unali wa kuti, lole inanyamula mabelo angati, ndipo pa mabelowo anu anali angati. Ngati simudziŵa kuŵerenga, tengani mwana wa sukulu kapena mnzanu wodalirika. Kufunsa si chipongwe. Eni esiteti nanunso, kuonetsa malisiti kwa anthu anu kumachotsa kukayikirana, ndipo munthu amene akudziŵa kuti sakuberedwa amagwira ntchito ndi mtima wonse.

CHIPATA, RODIBULOKO NDI SIKELO NZOSIYANA

Pa mseu pali malo atatu oimitsa magalimoto amene alimi ena amaŵasokoneza.

Chipata cholipiritsa chili ndi nyumba zake, chikwangwani cha mitengo ndi malisiti. Apa galimoto imalipira ngakhale ilibe cholakwa chilichonse.

Rodibuloko ya apolisi ndi yoyang'anira mapepala a galimoto, chiphaso cha dalaivala ndi katundu. Galimoto imene zonse zili bwino silipira kanthu pamenepo. Ikapezeka ndi mlandu, chindapusa chimakhala ndi lisiti ya boma, ndipo mlandu wa matayala akutha kapena inshuwalansi yotha ntchito ndi wa mwini galimoto, osati wa mwini mpunga. Ichinso chilembedwe m'pangano.

Sikelo ya pa mseu ndi yoyeza kulemera kwa lole. Apa mpamene mlimi angagwe m'vuto lenileni. Pofuna kuchepetsa mtengo wa thumba, ena amaumiriza dalaivala kukweza matumba 180 pa lole ya matumba 140. Lole ikapezeka yolemera mopyola muyeso pamakhala chindapusa chachikulu, ndipo siloledwa kupitirira mpaka katundu wapamwambayo atatsitsidwa. Dzazani lole mpaka pa muyeso wake, osapitirira. Katundu wopyola muyeso ndiye amaononga mseu ndi milatho imene inu nomwe mumadalira.

NTHAŴI YA MVULA

Mseu wa M5 umaoloka mitsinje yambiri yotsika kuchokera kumapiri kupita kunyanja, monga Dwangwa, Bua, Kaombe ndi Lifuliza. Mukukumbukira madzi osefukira a kumapeto kwa Febuluwale 2024, amene anasautsa anthu a ku Dwangwa ndi kudula mseu. Mlatho umodzi ukaonongeka, njira imene munaŵerengera yatha ntchito, ndipo lole iyenera kuzungulira. Wopita ku Blantyre akakakamizidwa kudzera ku Kasungu kapena ku Ntchisi nkutulukira ku Lilongwe, zipata zake zasanduka ziŵiri ndipo mtunda watalika. Chotero pa ulendo wa nthaŵi ya dzinja ŵerengerani njira ziŵiri, yachidule ndi yozungulira, ndipo mutenge ndalama yokwana yozungulirayo. Yotsala idzabwerera m'thumba la kalabu.

OPITA KUNJA KWA DZIKO

Ena mwa inu mumatengera mpunga ku Zambia kapena kukaona abale ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Kumeneko zipata zinayamba kale kuposa kwathu kuno. Ku Zimbabwe zinayamba mu 2009. Ku Zambia, pa mseu wochokera ku Chipata kupita ku Lusaka pali chipata pakati pa Chipata ndi Katete, china cha ku Nyimba, ndi china ku Chongwe. Ku Mozambique magalimoto amalipira pooloka mtsinje wa Zambezi pa milatho ya ku Tete. Kaŵerengedwe nkomweko, koma kumbukirani zinthu ziŵiri. Mtundu wa ndalama yolipirira umasiyana m'maiko ameneŵa, choncho sinthiranitu. Ndiponso galimoto yolembetsedwa m'dziko lina imalipira ndalama ina ya mseu pa malire, imene kwa lole imaŵerengedwa potsata kutalika kwa ulendo. Feteleza wochokera ku doko la Beira amadutsa ena mwa malo ameneŵa asanafike kwa inu, ndipo ndalama zimenezo zimakhala m'kati mwa mtengo wa thumba limene mumagula.

CHITANI IZI CHAKA CHINO

Pa msonkhano wa kalabu wokonzekera malonda, patulani tsamba limodzi la buku kuti likhale la mayendedwe. Lembanipo misika imene mukuiganizira, mtunda wake, zipata zake, mtengo wa dizilo wa tsikulo ndi mtengo wa gulu la lole imene mudzahayale. Ŵerengerani mtengo wa thumba limodzi pa msika uliwonse monga tachitira m'chitsanzo, ndipo mlangizi wa m'dera lanu akuthandizeni kuona ngati masamu ali bwino. Pambuyo pa ulendo matani malisiti pa tsamba lomwelo, kuti chaka chamaŵa mudzakhale ndi poyambira.

Munaŵerengera mbeu pofesa, munaŵerengera feteleza pothira, ndipo munayeza thumba lililonse pa sikelo. Ulendo wa ku msika nawo ndi gawo la ulimi, ndipo uyenera kuŵerengeredwa chimodzimodzi lole isanalize injini.